Chimanga pa Ng'amba: Kabuku ka Mabanja a m'Boma la Rufunsa

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko la Zambia lili pa ngozi chifukwa cha chilala. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mwa mahekitala pafupifupi 2.2 miliyoni omwe anabzalidwa chimanga, pafupifupi miliyoni imodzi anapserera. Chigawo cha Lusaka, momwe muli boma lathu la Rufunsa, chinali m'gulu la zigawo zomwe zinavutika kwambiri. Mvula inadula chakumapeto kwa January n'kukhala masabata oposa 5 osagwa. Chimanga chobzalidwa kumayambiriro kwa December chimamasula ngayaye m'masiku omwewo, ndiye dzuwa linachipeza pa nthawi imene sichitha kudziteteza.

Ng'amba ibweranso, kaya chaka chino kaya china. Minda yathu siyofanana: ya ku Chinyunyu ndi kwa a Bunda Bunda ili kumtunda, ya kwa a Shikabeta yatsetserekera kuchigwa cha Lunsemfwa komwe kumatentha kwambiri, ina yakwera m'mbali mwa mapiri a kwa a Mpanshya. Koma chimanga chikamva ludzu chimachita zofanana kulikonse. Ambirife timachiweruza poyang'ana masamba, pomwe masambawo amanena mochedwa. Zimene mumaona m'February zinakonzeka pansi pa nthaka m'November ndi m'December. N'chifukwa chake pempho lalikulu la kabuku kano n'lakuti muzikumba n'kuona mizu.

Kumbani mmera umodzi

Sankhani mmera wa masabata awiri kapena atatu. Musauzule, chifukwa mizu idzatsalira pansi. Ukumbeni ndi khasu pamodzi ndi chibuma chake, muuviike m'chidebe cha madzi mpaka dothi lisungunuke lokha. Mudzaona njere ija ikadalipo, chakudya chake chikutha. Pa njerepo pamachoka timizu tochepa, toonda. Imeneyi ndiyo mizu yoyamba, ndipo ntchito yake yaikulu n'kumwetsa mmera masabata oyambirira. Pamwamba pa njere pali kamtengo koyera kokafika pa kamfundo, komwe kamakhala masentimita pafupifupi 2 kunsi kwa nthaka. Pa kamfundo kameneka ndi pomwe pamatuluka mizu yeniyeni, yonenepa, yoyera, mozungulira phesi. Mfundo iliyonse yotsatira imatulutsa mizu yakeyake, mpaka kufika pa mfundo za pamwamba pa nthaka, zimene zimatulutsa mizu yochirikiza ija timaiona itagwira pansi chimanga chikayandikira kumasula.

Mmera ukafika masamba 5 kapena 6, moyo wake umakhala utasamukira pa mizu ya pa mfundo. Apa ndi pomwe ng'amba ya m'December imapweteka. Dothi la pamwamba likauma n'kutentha, nsonga za mizu imeneyi zimapsa zisanalowe pansi. Mukakumba mupeza timizu tafupitafupi, tofiirira, ndipo mmera umangotsala utagwira ndi kamtengo koyera kaja, mphepo ikawomba n'kugwa. Kawirikawiri vutoli limayambira pa kubzala mosazamitsa. Njere ikwiriridwe masentimita 5. Ikakhala pamtunda kwambiri, mfundo ija imapangika pa dothi louma lenilenilo. Mmera wogwa motere mukhoza kuupulumutsa poukokera dothi pang'ono patsinde, kuti mizu yatsopano ipeze polowa mvula ikagwa.

Musafulumire kugalauza munda chifukwa masamba a mmera apsa. Mtima wa chimanga, pomwe masamba atsopano amachokera, umakhala kunsi kwa nthaka mpaka mmera utafika masamba 6. Mvula ikabwerera dikirani masiku 3 kapena 4, kenako ng'ambani mmera ungapo pakati ndi lezala, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Mtima ukakhala woyera ndi wolimba, mmera uli moyo ndipo uphukanso. Ukakhala wofewa ndi woderako, pamenepo mpofunika kupakiza.

Masamba amaima, mizu imapitirira

Chinyezi chikayamba kuchepa, choyamba kuima ndi kukula kwa masamba ndi phesi. Izi zimachitika masamba asanafote n'komwe, diso lisanaone kanthu. Mizu yokha siima msanga. Mu 1979 akatswiri awiri a ku Lancaster ku England, Robert Sharp ndi William Davies, anaonetsa poyesa chimanga chomwechi kuti muzu umatalikabe m'dothi louma lomwe laimitsa kale masamba. Shuga amene masamba apanga, m'malo mokulitsa tsamba latsopano, amatsikira pansi. Nsonga ya muzu imaunjika shugayo ndi mchere wina kuti izitha kukoka madzi ochepa otsala m'dothi, ndipo muzuwo umaonda koma n'kumaloweralowera. Nthawi yomweyo m'mbewu mumachuluka mankhwala ena amene imadzipangira yokha, omwe asayansi amawatcha ABA. Amenewa amatseka timabowo ting'onoting'ono ta pa masamba momwe madzi amatulukira, komanso amathandiza nsonga ya muzu kuti isaleke kukula.

Ndiye ng'amba ya sabata imodzi pa chimanga chomwe mizu yake ya pa mfundo yagwira kale siyoopsa monga imaonekera. Chimangacho chifupikirako, koma pansi chazama. Chaka choopsa ndi chija December amanyowa tsiku ndi tsiku, chimanga n'kubiriwira mokondweretsa, mizu ili pamtunda pokhapokha chifukwa madzi sanaisowe, kenako January n'kudula mvula. Chimanga chotere chimakhala ndi masamba ambiri otaya madzi ndi mizu yochepa yowatunga.

Komatu muzu umafuna njira. Pa nthaka yabwino mizu ya chimanga imafika mita imodzi kapena kuposa. M'minda yambiri imathera pa masentimita 15 okha, chifukwa pansi pake pali nthaka yogogomezeka imene pulawo kapena khasu zakhala zikuitsendereza pa muyezo umodzimodzi chaka ndi chaka. Kumbani dzenje lofika m'bondo pambali pa phesi lalikulu, muziboola khoma lake ndi mpeni kuchokera pamwamba kutsika. Pomwe mpeni wayamba kukana, yang'anitsitsani: muona mizu itaphwatalala, itakhota n'kuyenda chammbali. Muzu wa mpendadzuwa kapena wa thonje umaonetsa bwino koposa, umapindika pomwepo osalowanso. Madzi a mvula nawonso amalephera pa malo omwewo, amathamangira kumtsinje. Munda wotere umafota patangopita masiku ochepa mvula italeka, pomwe wa mnansi ukadali wobiriwira, ndipo sikuti winawake waulodza.

Kuboola nthaka imeneyi ndi ntchito ya m'chilimwe. Bungwe la Conservation Farming Unit, lomwe linayamba mu 1996, lakhala likuphunzitsa njira ziwiri. Wa khasu amakumba maenje a gamphani ndi khasu la Chaka: m'litali masentimita 30, m'lifupi 15, kuya 20, kutalikirana masentimita 70 mumzere ndi 90 pakati pa mizere. Pa lima imodzi (gawo limodzi mwa magawo anayi a hekitala) amakwana maenje pafupifupi 4,000. Wa ng'ombe amang'amba mizere ndi ripa ya Magoye. Yambani mukangokolola, nthaka isanaumitsitse, muzikumba pang'onopang'ono m'mamawa, osadikira kutentha kwa October. Dzenje losazama lilibe phindu, chifukwa cholinga chake n'kupyola pogogomezeka paja. Chaka chamawa bwererani m'maenje omwewo. Manyowa, laimu ndi fetereza wa D Compound zilowe pansi pa dzenje, n'kukwirira, kusiya kadzenje kosaya koti madzi azikhalamo. Fosifolasi wa mu D Compound ndiye amakulitsa mizu, ndipo sayenda m'nthaka: mukamuwaza pamtunda chimanga chitamera, amatsala pomwepo pa dothi louma. Inu a m'mapiri, mizere idutse chopingasa phiri, osati kutsetsereka nalo. Nandolo m'munda amathandizanso, chifukwa muzu wake umapyola nthaka yolimba n'kusiyira chimanga cha chaka chamawa polowera.

Onani masamba m'mamawa

Masamba a chimanga akapindika n'kusongoka ngati a anyezi, mtima umadumpha. Koma kupindikako n'kudziteteza: tsamba likubisa nkhope yake ku dzuwa kuti lisataye madzi. Nthawi ya tsiku ndi imene imakuuzani zoona. Masamba opindika masana n'kutambasuka madzulo akusonyeza chimanga chimene chikulimbabe. Opindika dzuwa litangokwera pang'ono akusonyeza kuti madzi ali pafupi kutha pomwe mizu yafika. Mukawapeza opindika m'bandakucha, mame asanaume, ndiponso mtundu wawo utasanduka wotuwa, chimangacho chalephera kudzaza madzi usiku wonse, ndipo tsiku lililonse lotere likudya zokolola. Timabowo tija tikatsekeka madzi amasungika, koma mpweya wopangira chakudya sulowa. Chimanga chopindika tsiku lonse chili moyo koma sichikupanga kanthu.

Masamba a m'munsi akayamba kuchita chikasu kuyambira kunsonga, chikasucho n'kumayenda pakati pa tsamba, ndiye kuti mbewu ikusowa chakudya cha mu Urea. Pa ng'amba zimenezi zimaoneka ngakhale m'munda wothiridwa, chifukwa chakudya chimalowa m'mizu chitasungunuka m'madzi. Musathamangire kuthira wina. Urea woikidwa pa dothi louma ndi lotentha, mame akangomunyowetsa, amasanduka mpweya n'kuuluka, ndipo thumba limenelo mwaligula modula. Dikirani mvula yolowa pansi, boolani kabowo pambali pa phesi, thirani, kwirirani. Chaka chokayikitsa ndi bwino kugawa Urea pawiri: theka chimanga chikafika m'maondo, theka linalo chisanamasule, ngati mvula ikupitirira.

Udzu umamwa madzi omwewo, ndiye kupalira msanga, masabata 6 oyambirira, n'kofunika koposa pa chaka chouma. Koma pali chizolowezi chimodzi chimene ndikupempha tichisiye: kubandira kapena kupalira mozama pakati pa ng'amba. Mizu yambiri ya chimanga ili m'dothi la pamwamba, yatambalala mpaka pakati pa mizere. Khasu likalowa mozama limaidula, n'kutembenuzira chinyezi chotsala padzuwa. Pa ng'amba palirani mopala pamwamba, kapena zulani ndi manja, udzuwo muugoneke pomwepo uphimbe nthaka. Patuliraninso nthawi ikadalipo. M'dzenje la gamphani mumabzalidwa njere 4 n'kusiya 3, ndipo pa nthaka yamchenga kapena kuchigwa, mapesi awiri okhala ndi zitsononkho amaposa anayi osabereka.

Masabata a ngayaye ndi ndevu

Luso lonse lija lozamitsa mizu ndi la chimanga chaching'ono. Chikamasula, mizu imakhala itafika pafupi ndi mapeto a kukula kwake, ndipo madzi chimafuna ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Bungwe la FAO limati chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 a madzi pa nyengo yonse, ndipo masiku otentha a kumasula chimatha kumwa mamilimita 6 kapena kuposa pa tsiku. Kafukufuku wa Denmead ndi Shaw ku Iowa ku America mu 1960 anapeza kuti ludzu la chimanga chisanatulutse ndevu linachepetsa zokolola ndi 25 peresenti, la pambuyo pake ndi 21 peresenti, koma la pa nthawi ya ndevu yeniyeniyo ndi theka lathunthu.

Chifukwa chake chili pa ndevu. Ndevu iliyonse imachokera pa malo a njere imodzi, ndipo njereyo siingapangike mpaka mungu wochokera ku ngayaye utagwera pa ndevu yakeyo. Ndevu ndi madzi pafupifupi okhaokha. Chinyezi chikakhalapo imatalika masentimita 3 kapena 4 pa tsiku, chikasowa imaima m'makoko. Ngayaye yokha siidikira: imawaza mungu wake kwa sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, n'kuuma. Ndevu zikatuluka mungu utatha, phesi limaima bwinobwino ndi mwana kumsana, koma m'kati mulibe kanthu. Ndevu za kutsinde kwa chitsononkho zimatuluka poyamba, za kunsonga pomaliza, n'chifukwa chake pa chaka chouma nsonga ndiyo imakhala yopanda njere. Ngakhale njere zimene zagwira, masabata awiri otsatira zikhoza kufota shuga akachepa, kuyambiranso kunsonga komweko.

Mukhoza kudziwa msanga mmene zayendera. Patapita sabata ndi theka ndevu zitatuluka, thyolani ana angapo m'malo osiyanasiyana a munda. Chekani makoko mosamala m'litali, muwachotse osakoka ndevu, kenako gwedezani chitsononkho pang'ono. Ndevu zomwe zinalandira mungu zimathothoka zokha. Zomwe zakakamira ndi njere zomwe sizinagwire. Banja lomwe laona zimenezi m'February limakhala ndi miyezi iwiri yokonzekera, osadzadzidzimuka pokolola.

Za kuthirira tinene zoona. Milimita imodzi pa lima ndi malita 2,500. Mamilimita 6 ndi malita 15,000, kapena kuti ndowa 750 za malita 20, tsiku limodzi lokha. Palibe banja lingasenze zimenezo. Ngakhale kachigawo ka mamita 10 mbali zonse kamafuna ndowa 30 pa tsiku. Ngati munda uli pafupi ndi mtsinje kapena dambo, sankhani kachigawo kamodzi kooneka bwino, kaphimbireni ndi udzu, muzikathirira madzulo mokhutitsa kawiri pa sabata, kuyambira ngayaye zikamasuzumira mpaka ndevu zitauma. Kuwaza timadzi pang'onopang'ono munda wonse n'kudzitopetsa chabe.

Mbewu ndi tsiku lobzala

Popeza masabata amenewa ndi oopsa chotere, nzeru n'kupewa kuti munda wonse uwalowe tsiku limodzi. Pa matumba a mbewu zambiri za haibulidi nambala imakuuzani: za m'ma 400 ndi 500 zimacha msanga, za m'ma 600 n'zapakati, za m'ma 700 zimachedwa ndipo zimafuna mvula yaitali. Kuchigwa ndi pa nthaka yosaya, yocha msanga ndiyo yoyenera. Kumtunda gawani munda, mbali ina yocha msanga, ina yapakati, kuti zisamasule pamodzi. Yocha msanga imabereka mochepera pa chaka chabwino, zimenezo n'zoona, koma imafika pa ndevu ng'amba ya February isanakhwime. Gankata wathu, chimanga chamakolo, ndi wolimba m'nkhokwe komanso wokoma, koma ndi wamtali ndi wochedwa, ndiye asakhale yekha m'munda.

Pali mbewu zinanso zolembedwa kuti n'zopirira chilala. Zambiri mwa izo zinachokera ku ntchito ya bungwe la CIMMYT mogwirizana ndi mabungwe a kafukufuku a m'maiko 13 a mu Africa, kuphatikizapo ZARI ya ku Mount Makulu, ntchito yomwe inachitika mpaka 2015. Chimodzi mwa zinthu zomwe ankasankha ndi chomwe tafotokozachi: mbewu yomwe ndevu zake zimatuluka pafupi ndi nthawi ya mungu ngakhale pa ludzu. Zimathandiza pa ng'amba ya masabata awiri kapena atatu. Masabata 5 opanda dontho palibe chimanga chimene chimawapirira osavulala, ndipo wogulitsa asakunamizeni. Funsani alangizi a m'kampu yanu mbewu yomwe yayesedwa m'dera lanulo. Njere za haibulidi zotapa m'nkhokwe musabzalenso, chifukwa zimamasula mosiyanasiyana ndipo mphamvu yake imakhala itatsika.

Mmera mpoyamba. Bzalani ndi mvula yoyamba yolowa pansi, osati chizimalupsa chongonyowetsa fumbi. Kumbani muone: chinyezi chikafika kuya kwa dzanja lonse mpaka pamkono, bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Apa ndi pomwe wa maenje okumbiratu amapambana wodikira ng'ombe za eni.

Chimanga chovulala

Ng'amba ikafika njere zili mkaka, mbewu imatenga shuga wosungidwa m'phesi n'kumupereka ku njere. Phesi limatsala lofooka, chiswe chimalowa mosavuta, chimanga n'kugwa. Chogwa chitoleni msanga, chisagone padothi. Njere zovutika ndi dzuwa, makamaka zobooledwa ndi mbozi, zimagwidwa chuku chimene chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin. M'August 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu. Kuphika sikumuchotsa, ndipo amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Amayi, posankha chimanga chopita kuchigayo, zitsononkho za chuku chobiriwira mopita kuchikasu ndi njere zoola muzitaye m'dzenje. Musaphikire mowa kapena thobwa, musapatse nkhuku kapena nkhumba. Chotsalacho chiume bwino pa thandala kapena pa mphasa chisanalowe m'thumba.

Mapesi aawisi a chimanga chopserera, makamaka chothiridwa Urea, amasunga mchere wa fetereza kumunsi kwa phesi, ndipo mcherewo ukhoza kupha ng'ombe ikadya wambiri nthawi imodzi. Kuopsa kumakula masiku oyamba mvula ikangobwerera. Dikirani sabata, dulani phesi masentimita 30 kuchokera pansi, perekani pang'onopang'ono mosakaniza ndi udzu, ndipo musalowetse ng'ombe zanjala m'munda wotere. Mphukira za mapira opserera nazonso n'zoopsa kwa ziweto.

Mukagwedeza zitsononkho n'kupeza kuti ndevu zambiri zakakamira, kadziwitseni alangizi kuti munda wanu ulembedwe, ndipo chinyezi chotsala musachitaye. Mvula ikabwerera m'February, khobwe wocha msanga amatha kupsa m'miyezi iwiri kapena iwiri ndi theka, ndipo masamba ake ndi ndiwo pasanathe mwezi. Kandolo wobzalidwa m'mphepete mwa dambo amafikitsa banja m'chilimwe. Mapesi otsalawo agonekeni m'munda kuti aphimbe nthaka, lambulani m'mbali moto usalowe, ndipo kambiranani ndi a mfumu a mudzi za nthawi yomasulira ziweto, chifukwa munda wa banja limodzi sungasunge mapesi ngati mudzi wonse sunagwirizane.